Mawu a Mkonzi: Mwana wokana nsima apite kuchipatala

Kuno ku Chigawo cha Kummawa munthu akayamba kuwonda timathamangira zifukwa zomwe tinazolowera: kaliwondewonde, TB, mimba yobisa, kapena kuti wina wamulodza. Chilipo chifukwa china chimene sititchula, ndicho matenda a m'maganizo ogwira munthu pa kadyedwe. Madokotala amati anorexia pamene munthu akudzimana chakudya poopa kunenepa ngakhale nthiti zikuwerengeka, ndipo amati bulimia pamene akudya mopyola muyeso kenako n'kukadzisanzitsa mobisa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Kawirikawiri amayamba paunamwali, makamaka kwa atsikana, koma anyamata nawonso amadwala. Mayi watcheru angaone yekha: mwana atema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, tsiku lililonse akuti "ndadya kale", akangodya ulendo wa kuchimbudzi, msambo waima, akumva kuzizira ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

Ena adzati nkhaniyi ndi ya azungu ndi ana a anthu olemera. Adzakumbutsa kuti mu 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko, chimanga chitapserera m'minda, ndiye wokana chakudya ndi wamwano chabe. Njalayo tinaiona tonse, sitikuipeputsa. Koma maganizo amenewa ndi amene amabisa odwala, chifukwa mwana amene akudziwa kuti bambo ake anavutikira thumba la ufa sangayerekeze kunena kuti nsima ikumuopsa. Komanso foni yomwe ili m'manja mwa mtsikana wa ku Lundazi ikumuonetsa zithunzi za pa TikTok ndi malonda a tiyi wochepetsa thupi omwewo amene akuona wa ku Lusaka. Anorexia ili m'gulu la matenda a m'maganizo amene amapha kwambiri, ndipo kusanza pafupipafupi kumadya mano ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. Kukalipa ndi chikwapu zimangophunzitsa mwanayo kubisa.

Funso lolemera ndi lakuti thandizo lili kuti, poti chipatala cha matenda a m'maganizo cha Chainama chili kutali ku Lusaka ndipo akatswiri ndi ochepa. N'zoona, koma poyambira palipo. Pitani ndi mwanayo kukiliniki yapafupi, amuyeze HIV, TB ndi shuga. Zikapezeka kuti zonse zili bwino musabwerere kunyumba mwakachetechete: fotokozani mmene akudyera, pemphani kalata yokaonana ndi a zamaganizo kuchipatala cha boma kapena ku Chipata Central Hospital. Lamulo la zaumoyo wa maganizo la 2019, lomwe linalowa m'malo mwa lachitsamunda la 1949, limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala wotere. Wochita manyazi angayambe ndi kuimba foni mwaulere pa 116, nambala ya ana, kapena 933, ya akuluakulu. Mapemphero apitirire, koma asachedwetse ulendowo. Pakhomo, idyani naye limodzi panthawi zokhazikika ndipo lekani kukamba za thupi lake, kaya moseka kaya moyamikira. Wofooka kwambiri asadyetsedwe zambiri mwadzidzidzi, pakuti thupi lomwe lakhala nthawi yaitali osadya likhoza kugwa nazo. Ameneyo ndi wogonekedwa kuchipatala.

Tikupempha ofesi ya zaumoyo m'chigawo chino kuti iphunzitse anamwino a m'makiliniki, amatroni a sukulu zogonera komweko ndi anamkungwi kuzindikira zizindikirozi, popeza ndi iwo amene amakhala pafupi ndi atsikana pa msinkhu umene matendawa amayambira.