Munda Uli Pano, Pasipoti Ili kwa Bwana

Nkhani imene ili pakamwa pa atsikana athu ku Balaka ndi ku Liwonde ndi ya ntchito za m'nyumba ku Oman. Akuti kuli mafuta, choncho kuli ndalama. Za mafutazo sitikutsutsa. Koma mu 2024 a BBC anaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anachita kuomboledwa ku Oman, atalandidwa mapasipoti, ena atamenyedwa. Dongosolo la kafala limamangirira wantchito kwa bwana mmodzi. Akachoka popanda chilolezo amasakidwa ngati wothawa. Dziko la Qatar linafewetsa lamuloli mu 2020, ndipo mu 2021 linakhazikitsa malipiro osachepera mariyali 1,000 pa mwezi, koma linatero anthu atalilozaloza chala chifukwa cha mpira wa 2022.

Maiko ena a mafuta anayamba ndi nthaka. Ku Iran, kuyambira 1962, Shah anagawira alimi minda ya eni malo akuluakulu. Minda yambiri inali yaing'ono, ndipo aganyu sanalandire kanthu, nakhamukira ku Tehran kukasaka ntchito. Kumeneko mabungwe oima paokha a antchito sankaloledwa. Mu 1978 antchito a mafuta ananyanyala, ndipo mu January 1979 mfumuyo inachoka m'dzikomo.

Ife sitikumba mafuta, ngakhale mu 2011 boma linapereka ziphaso zowafufuzira pa nyanja yathu. Koma kugawa malo tinakuona ndi maso. Pakati pa 2004 ndi 2011, ntchito ya Kudzigulira Malo, ndi thandizo la World Bank, inakhazika mabanja pafupifupi 15,000 pa maesiteti akale ku Machinga, Mangochi, kenaka Balaka ndi Ntcheu. Banja limalandira mahekitala awiri. Ena, monga ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, anapeza mjigo ndi chipatala zili kutali, mpaka ena anabwerera. Komabe amene anapirira anayamba kudya chimanga cha m'munda mwao, popanda wowasungira chiphaso.

N'chifukwa chake zimatiwawa tikamva kuti bambo akufuna kupinyolitsa munda kuti mwana apite ku Muscat. Asanatero, akhale pansi ndi mayi ndi amalume a mwanayo, amuitane wolemba anthu ntchitoyo. Aonetse kalata ya mgwirizano. Anene malipiro, tsiku lopuma, ndi amene adzalipire ndege mwana akadwala. Anenenso kuti pasipoti idzagona m'chikwama cha yani.