Buffet ya kunyanja muiyeze ndi nsomba, osati kuchuluka kwa miphika

Semesita ikamapita kumapeto, m'magulu a WhatsApp a makalasi mumayamba kuzungulira nkhani ya ulendo wa kunyanja. Salima ndi Mangochi tinazitopetsa, ndiye masiku ano ena akumatchula Nkhotakota. Komiti imalemba mndandanda: basi, malo ogona, ndipo pamzere wachitatu pamakhala mawu amene amachititsa kuti ngakhale anthu ouma manja asonkhe msanga, akuti "buffet, idyani mmene mungathere". Ine ndikuti mzere umenewu ndi womwe tiyenera kuufunsa mafunso ambiri kuposa ina yonse, chifukwa ndi pomwe ndalama ya wophunzira imathera osaona chomwe yagula.

Tiyambe ndi mawuwo. Kwathu kuno buffet kawirikawiri sitanthauza kuti mudya mpaka lamba atathina. Amene anadyapo ku msonkhano wa mabungwe kapena ku ukwati akudziwa mmene zimakhalira. Mpunga, nsima ndi kabichi mumadzitengera nokha, koma mukafika pa nkhuku ndi nsomba pamakhala munthu atagwira chipande, maso ali pa mbale yanu. Nthuli ziwiri, kwatha, wotsatira. Sindikuti n'kuba. Mwini malo naye ali ndi masamu ake. Koma ngati mwauzidwa kuti mudya mmene mungathere, funsani musanalipire: kodi ndingabwerenso kachiwiri? Kubwererako n'kwa chilichonse kapena nsima yokha? Chakumwa chili momwemo? Nanga msonkho, uli kale mu mtengowo kapena udzatulukira pa risiti? Safunsa anadya phula.

Masamu a mwini malowo ndi osavuta kuwamva. Zotchipa ndi zokhutitsa amaziika koyambirira kwa tebulo, zodula kumapeto, kuti pofika kumeneko mbale ikhale itadzaza kale. Mbale zimakhala zazing'ono. Fanta ndi madzi mumagula padera. Ngakhale ku Las Vegas, komwe madyedwe amenewa anatchukira, eni nyumba za juga ankagulitsa chakudyacho motchipa n'cholinga choti anthu asatuluke kukadya kwina, azingotchovabe juga. Buffet sinayambe yakhalapo mphatso. Choncho funso lenileni si lakuti mudya zochuluka bwanji ayi, koma mudya chiyani chomwe simukanachipeza ku kafeteriya ya pa sukulu.

Apa ndiye pamene Nkhotakota ili ndi yankho. Boma limeneli lili ndi mpunga wake wonunkhira, wolimidwa m'madambo komanso ku sikimu ya Bua. Lili ndi chinangwa, kotero kondowole si chakudya chachilendo, ndipo chigwada chotendera chimapezeka pakhomo paliponse. Lili ndi nyanja, lili ndi Chia, lili ndi mtsinje wa Bua womwe mpasa zimakwera kukaswana. Aliyense amene anadutsapo msewu wa M5 kuchokera ku Salima akudziwa msika wa nsomba wa pa Chia, pomwe minibasi imaima ndipo nsomba zimamangiriridwa pagalasi kuti zizipitidwa mphepo. Usipa, utaka, kampango, mcheni, mlamba, chambo. Munthu woyenda makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe kuti akadye makaroni, soseji ndi nkhuku ya mufiriji yomwe yachokera ku Lilongwe komweko, kunena zoona wangoperekeza nkhukuyo.

Koma izi zimachitika, ndipo olakwa ena ndife. Timaona kondowole patebulo n'kumaseka kuti ndi za kumudzi. Timawerenga miphika: khumi ndi iwiri, ndiye kuti malowa ndi apamwamba. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Miphika khumi ndi iwiri pa malo omwe alendo ndi ochepa imatanthauza kuti zina mwa zimenezo ndi zadzulo. Ine ndingasankhe tebulo la miphika isanu, mpunga wa komweko, kondowole yotentha, nsomba yomwe yavuulidwa m'mawa, chigwada ndi nyemba, kusiyana ndi chionetsero cha zakudya zomwe wophikayo sadya n'komwe kunyumba kwake.

Pali mfundo ina imene a komiti ya ulendo saiganizira. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota si mahotela akuluakulu a mumzinda omwe amayala buffet tsiku lililonse. Mayina mumawamva, Nkhotakota Pottery Lodge, Sitima Inn, Ngala Beach Lodge cha kumpoto uko, ndi ena ang'onoang'ono ambiri. Sindikusankhirani dzina, chifukwa wophika akasintha ndiye kuti khitchini yonse yasintha, ndipo zithunzi za pa Facebook sizinunkha. Chomwe ndikunena n'chakuti kumadera ngati amenewa buffet imayalidwa pakakhala gulu: msonkhano, ukwati, Khirisimasi, Isitala, kapena basi ya ana a sukulu ngati ife. Zimenezi ndi mwayi. Ngati akuphikira inuyo, muli ndi ufulu wonena chomwe mukufuna masiku angapo ulendo usanachitike. Imbani foni, lankhulani ndi wophika osati wa pa risepishoni yekha, mugwirizane ndiwo zake ndi nthawi yodyera, ndipo zilembedwe pa meseji. Ngati m'kalasi mwanu muli Asilamu, funsani za halaal. Ku Nkhotakota, kwawo kwa a Jumbe, limeneli si funso lodabwitsa. A Seventh Day nawo sadya mlamba ndi kampango poti zilibe mamba, ndiye pasakhale tebulo lomwe nsomba yake ndi imeneyo yokha.

Tsopano nkhani ya chambo, yomwe ndikudziwa kuti ena sindigwirizana nawo. Malo akakulonjezani chambo chopanda malire, ine ndimayamba kukayika. Chambo chachepa m'nyanja, ndipo si nkhambakamwa. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Mtengo wake pa doko ukuchitira umboni. Ndiye munthu angakupatseni bwanji chambo mmene mungathere pa mtengo wa wophunzira? Njira zake n'zochepa. Mwina ndi makumba kapena nsomba ya m'damu yomwe akuitcha chambo, zomwe si tchimo akanena chilungamo. Mwina ndi nsomba yomwe yakhala m'firiji masabata, m'dziko lomwe magetsi amazima mwakufuna kwawo. Mwinanso ndi kasawala, ana a chambo ogwidwa ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, nthawi zina neti ya udzudzu yeniyeni. Chomalizachi ndiye chondiwawa. Makomiti a asodzi m'madoko, pamodzi ndi nthambi ya za nsomba ndi mabungwe ngati Ripple Africa, akhala akulimbana ndi usodzi wotere m'bomali, kenaka ife ophunzira, ena tikuphunzira zomwezo za chilengedwe, n'kufika ndi basi kudzapereka msika.

Wina anena kuti kalasi imodzi singathetse chambo m'nyanja yonse ya Malawi. N'zoona. Koma wophika amagula chomwe alendo amafunsa, ndipo msodzi amagwira chomwe wophika amagula. Komanso kumbukirani kalendala. Kuyambira mu Novembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo nyengo imeneyi imakumana ndi maulendo athu a kumapeto kwa chaka. M'miyezi yozizira, Juni ndi Julaye, mwera umakuntha ndipo masiku ena mabwato sapita n'komwe pamadzi. Malo omwe amakuuzani kuti "lero chambo kulibe, koma tili ndi kampango wabwino" ndimawakhulupirira kuposa omwe chambo chawo sichidziwa nyengo.

Buffet yachilungamo ya kunyanja, m'maganizo mwanga, iyenera kukhala chonchi: mpunga, nsima, kondowole, masamba, nyemba ndi usipa, tengani mmene mungathere, bwererani kachitatu ngati mimba ikulola. Nsomba yaikulu, imodzi munthu mmodzi, yonenedwa dzina lake lenileni. Ndikanakhala wa komiti ndikanasaina pamenepo osanyinyirika. Ndipo usipa tisamauone ngati ndiwo ya amphawi chifukwa choti tinatopa ndi wouma wa ku hositelo. Usipa wauwisi wokazinga tsiku lomwelo, pofinyira ndimu, ndi chinthu china. Ku Lilongwe simungaupeze wotero ngakhale mutakhala ndi ndalama.

Chatsala ndi mimba. Nkhotakota kumatentha, ndipo chakudya choyalidwa patebulo sichichedwa kuonongeka. Malangizo a bungwe la WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, ndipo ngati chikudikira anthu chizikhala chotentha kupitirira madigiri 60. Yang'anani pansi pa ziwiya zazitsulo zija ngati kamoto kakuyakadi. Nthawi zambiri kamakhala katazima kalekale. Mpunga wofunda chabe, wokhalitsa, umatsegula m'mimba kuposa mmene ambiri timaganizira, ndipo saladi ya mayonezi pa dzuwa la Okutobala ndi yongoyang'ana n'kudutsa. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja inawasautsa kwambiri. Choncho musanatenge mbale, kaoneni posambira m'manja: madzi oyenda kapena othira, ndi sopo, osati beseni limodzi la anthu makumi anayi. Kaoneninso chimbudzi. Malo omwe alephera kusamala chimbudzi chomwe mlendo amachiona sangasamale khitchini yomwe saiona. Ndipo basi ikachedwa pamsewu, monga imachitira nthawi zonse, wina aimbe foni kuti asapakule.

Nanga ngati ndalama sizikukwana? Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mbale imodzi pa malo ogona alendo umatha kufanana ndi chakudya cha wophunzira cha masiku angapo. Palibe lamulo loti ulendo wa kunyanja ukhale ndi buffet. Gulu likhoza kuima pa Chia kapena kupita pa doko m'mamawa, kugula nsomba likuona ndi maso, maso a nsombayo ali owala ndipo mnofu ukubwerera mukaudina ndi chala, kenaka n'kugwirizana ndi malo omwe mukugona kuti akuphikireni pa mtengo wina, kapena akuloleni mbaula ndi makala. Malo ena amakana, ndiye funsiranitu. Malesitilanti a pa boma nawo alipo, a mabenchi ndi nsalu pakhomo, komwe madalaivala ndi ogwira ntchito m'maofesi amadya masana. Kumeneko chakudya sichigona chifukwa anthu ndi ambiri, ndipo mtanda woonjezera amayi ake amatha kukuikirani mukapempha mwaulemu. Ndalama yanu imatsala m'manja mwa msodzi, mlimi wa mpunga ndi mayi wogulitsa tomato, anthu omwe nyanjayo ndi yawo.

Kwa a komiti amene mukulemba bajeti sabata ino: musatumize ndalama yonse pa Airtel Money kapena Mpamba musanaone mndandanda wa ndiwo. Perekani theka, lina mukamalize mutaona miphika. Ndipo pamndandandapo lembanipo kondowole. Amene saidziwa akaphunzire komweko, ingowachenjezani kuti imeneyo satafuna.