NKHOKWE YA DZIKO SIDZADZA YOKHA

Kuyambira mu January 2022 ana a Zambia akuphunzira kwaulere m'masukulu a Boma kufikira Giredi 12, ndipo m'caka comweco Boma linalemba nchito aphunzitsi atsopano oposa 30,000. Makolo a ku Kabwata ndi ku Chelstone, amene kale anali kusowa tulo masukulu akamatsegulidwa, anapumako. Ici ndi cinthu cabwino coyenera kucisunga. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Caulere kwa kholo siciri caulere kwa dziko, pakuti mphunzitsi alandira malipiro mwezi uliwonse, ndipo ndalamazo zicokera m'thumba la msonkho.

Dziko lino linayendapo kale m'njira imeneyi. M'masiku a Dr Kenneth Kaunda, maphunziro ndi mankhwala a m'zipatala zinali zaulere, Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo Boma linali kulipirako mtengo wa unga kuti anthu a m'mizinda agule mochipa. Zonsezi zinatsamira pa mzati umodzi, ndiwo mkuwa, umene unali kubweretsa ndalama zakunja zoposa magawo 90 mwa 100. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, mkuwa nutsika mu 1975, mzatiwo unagwedezeka. Mizere ya anthu ofuna sopo, saladi ndi shuga inayamba kutalika mu Cairo Road, Boma nilowa m'ngongole kuti lisunge malonjezo ace.

Mafakitale analipo ndithu. Ku Livingstone anali kulumikiza magalimoto a Fiat, ku Mansa kupanga mabatire, ku Chipata njinga. Cimene cinasowa ndi mpikisano. Ambiri a iwo anali kuitanitsa zipangizo kunja ndi ndalama za mkuwa womwewo, nagulitsa kwa anthu amene analibe kwina kogula. Sanakakamizike kukonza katundu wao kapena kufuna misika yakunja, ndipo pamene malire a malonda anatsegulidwa pambuyo pa 1991, ambiri anatsekedwa.

Thandizo la pa unga nalonso linali losasankha: wolemera wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands anali kugula thumba pa mtengo umodzi ndi mlonda wa pa geti pace. Boma litayesa kucotsako thandizolo, kunabuka zipolowe ku Copperbelt mu December 1986 ndi mu Lusaka mu June 1990, ndipo anthu anataya miyoyo. Cinthu cimene anthu acizolowera cimacoka ndi misozi, cifukwa cace nkofunika kucimanga pa maziko olimba kuyambira paciyambi.

Maiko amene asamala anthu ao kwa zaka zambiri sacita zimenezi ndi cifundo cokha. Sweden ali ndi Volvo ndi Ericsson, makampani amene apikisana m'misika ya dziko lonse lapansi nalipira msonkho kwao. Norway anakhazikitsa thumba losungiramo ndalama za mafuta mu 1990, kuti zaka za mwana alirenji zidyetse zaka za njala.

Zambia sanafikebe pamenepo. Mu November 2020 dziko linalephera kubweza ngongole zina zakunja, ndipo cilala ca 2024 cinaphwetsa madzi a Kariba, makina a owocerera zitsulo ndi a zigayo naima maola ambiri pa tsiku. Mkuwa ukali kutsogolera malonda akunja, ndipo woculuka ucoka usanasanduke waya kapena cipangizo ciri conse.

Nchito yatsala ndi yoonekeratu. Ndalama za mkuwa za zaka zabwino zisungidweko. Zimene akatswiri afufuza ku Yunivesite ndi ku NISIR, pafupi ndi Chelstone, zifike m'manja mwa amisiri ndi alimi. Magetsi a dzuwa aculuke kuti fakitale isadalire mvula. Thandizo la Boma lipite kwa osowa enieni. Ndipo mwana amene aphunzira kwaulere lero aphunzitsidwe kupanga katundu amene a ku Congo, Malawi ndi Tanzania adzafuna kugula, pakuti msonkho wace ndiwo udzalipira sukulu ya mng'ono wace.