Mamita 50 a azakhali anga

Azakhali anga atayamba kubanika pokwera kachitunda kochokera kumjigo, tonse tinkati ndi mphumu. Patapita miyezi, madokotala anapeza kuti ndi pulmonary hypertension, kuthamanga kwa magazi m'mitsempha yochokera kumtima kupita m'mapapo. Si BP yoyeza pamkono ija. Mitsemphayo imaning'a, ndiye mbali yakumanja ya mtima imakankha magazi movutikira mpaka kutopa. Kwathu kuno matendawa amatha kuyamba chifukwa cha HIV, likodzo, matenda ena a mtima kapena mapapo amene TB inawononga.

Patchuthi ndinkawaperekeza ku mafizo. Kumeneko ndi kumene ndinaona mmene amayezera ngati wodwala akupezako bwino. Amamuyendetsa mukolido ya mamita 30, uku ndi uku, kwa mphindi 6. Akatopa amaloledwa kuima, koma wotchi siima. Kenako amawerenga mamita amene wayenda, n'kumufunsa kuti phuma lake lili pati pakati pa 0 ndi 10. Tsiku loyamba azakhali anayenda mamita 290. Patatha miyezi itatu anafika 340. Wamafizo anasangalala, nanenso ndinasangalala. Tili m'minibasi pobwerera, iwo anangoti, "Iwe mwana, kodi mamita amenewa anditungira madzi?"

Sindikunyoza kuyezako. Kale odwala matendawa ankauzidwa kuti asamalimbitse thupi poopa kuti mtima ulephera. Kafukufuku wa ku Heidelberg, ku Germany, amene anatuluka mu 2006, anaonetsa kuti odwala amene anachita mafizo moyang'aniridwa kwa masabata 15 ankayenda mtunda wotalikirapo ndi mamita pafupifupi 100. Popanda kuwerenga mamita, ndani akanakhulupirira? Komanso kuyezaku n'kotchipa: kolido, wotchi ndi munthu wowerenga, basi.

Vuto langa n'lakuti kolido ndi yosalala. Ilibe chitunda, ilibe ndowa pamutu, ilibe mwana kumsana. Madokotala amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pali mafomu ofunsa wodwala za moyo wake, monga CAMPHOR ndi emPHasis-10. Koma onsewa anapangidwa ku Britain, m'Chingelezi. Apa ndi pamene ife ophunzira zinenero ndi chikhalidwe, amene anzathu a sayansi amatiseka kuti timaphunzira nthano, tili ndi ntchito. Kutopa, kufooka, kubanika ndi kuchita befu si chinthu chimodzi, ndipo womasulira mafomu ali pachangu akhoza kuzisakaniza. Ndiponso mayi wachikulire akafunsidwa ndi munthu wovala zoyera kuti akupeza bwanji, amayankha kuti "ndiliko bwino", ngakhale usiku wonse wagona chokhala. Ndi ulemu, si bodza. Ndinazimva ndekha, azakhali akuyankha choncho ine ndili pambali pawo.

Ndikanakonda kuti pa tsiku loyamba wodwala azifunsidwa m'chinenero chake kuti ndi ntchito ziti zimene matenda amulanda ndipo akufuna azibwererenso. Zizilembedwa m'buku lake la kuchipatala pafupi ndi mamita aja, ndipo ulendo uliwonse azifunsidwa kuti wafika pati. Sizifuna makina kapena ndalama za ma donor, koma mphindi zochepa zomvetsera, zimene ndikudziwa kuti n'zosowa pamene wamafizo ali mmodzi, mzere wafika panja.

Azakhali akanatchula zitatu: kutunga madzi, kusesa pabwalo ndi kuimba kwaya osakhala pansi pakati pa nyimbo. Kusesa ayambiranso. Kukwaya amapita, koma amakhala pabenchi yakutsogolo. Madzi akuwatungirabe ndi mwana wa aneba, pa ndalama.