Mbande ya mawese iyezedwe isanachoke ku nazale

Mlimi wa chimanga akagula mbewu yachinyengo amalira chaka chimodzi, kenako amapukuta misozi n'kuyambanso dzinja lotsatira. Mlimi wa kanjedza wa mafuta, mtengo umene anzathu a ku Karonga amafinyako mafuta a mawese, alibe mwayi umenewu. Mtengowu umatenga zaka 3 kapena 4 usanayambe kubereka, ndipo umakhala m'munda zaka 25 kapena kuposerapo. Pamene mlimi adzazindikira kuti anam'gulitsa mbande yolakwika, wogulitsa uja anasamuka kalekale, ngongole yakula, ndipo munda wadzaza mitengo yodya manyowa pachabe. Ku nazale mbande zonse zimaoneka zobiriwira mofanana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife tikuti vutoli lili ndi mankhwala ake, ndipo mamembala ayenera kuwadziwa kuti aziwafunsa.

Kanjedza wa mafuta alipo wa mitundu itatu, ndipo mungaisiyanitse podula chipatso pakati. Wa dura ali ndi chigoba chochindikala ndi mnofu wochepa. Wa pisifera alibe chigoba, koma kawirikawiri mikoko yake imafota isanakhwime. Wa tenera ali ndi chigoba chopyapyala, mnofu wambiri, ndi mzere wa timaluzi takuda tozungulira chigobacho. Mu 1941, akatswiri awiri a ku Belgium, Beirnaert ndi Vanderweyen, amene ankagwira ntchito ku Yangambi m'dziko la Congo, anaonetsa kuti tenera ndi mwana wa dura ndi pisifera. Mafuta ake amaposa a dura ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse, n'chifukwa chake minda yamalonda imadzala tenera.

Msampha uli apa. Wina amatola njere pansi pa mitengo ya tenera yobereka bwino, n'kufesa m'machubu, n'kumagulitsa kuti ndi mbewu yamakono. Mwina iye mwini amakhulupiriradi zimenezo. Koma monga momwe chimanga cha haibulidi chimasokonekera mukachibwereza, ana a tenera amagawanika: pa mbande 4 zilizonse, pafupifupi 2 zokha ndi tenera, 1 ndi dura, 1 ndi pisifera. Pa hekitala pamalowa mitengo 143. Ndiye kuti mitengo pafupifupi 36 idzakhala yosabereka bwino, ndipo ina 36 idzapereka mafuta ochepa. Theka la munda lapita mlimi asanakolole mkoko ngakhale umodzi. Ngakhale ku Malaysia, kumene ulimiwu ndi wotukuka kwambiri, kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti pa mbande za alimi odziyimira paokha, pafupifupi 1 mwa 10 sinali tenera.

Nanga mbande yopanda chipatso ingadziwike bwanji? Yankho lili m'tsamba. M'chamoyo chilichonse muli DNA, imene ili ngati kalata yaitali ya malangizo yolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Kalata ya kanjedza wa mafuta inawerengedwa mu 2013 motsogozedwa ndi bungwe la Malaysian Palm Oil Board, ndipo ili ndi zilembo pafupifupi 1.8 biliyoni. Chodabwitsa n'chakuti gawo loposa theka la kalatayi ndi mawu obwerezabwereza. Pena kalatayi imachita ngati chibwibwi: GAGAGAGA. Mtengo wina ungabwereze GA ka 12 pamalo ena, pamene mnzake wabwereza ka 17 pamalo omwewo. Malo oterewa akatswiri amawatcha ma microsatellite kapena SSR. Mbande imalandira chibwibwi chimodzi kwa mayi ake, china kwa mtengo umene unapereka mungu. Mukayeza malo khumi kapena kuposerapo, mumadziwa ngati mbandeyo ndi mwanadi wa makolo amene alembedwa pa chikalata, kapena mungu wachilendo unalowerera. Bungwe la CIRAD la ku France linapeza zizindikiro zambiri zotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chaka chomwecho cha 2013, akatswiri a ku Malaysia anapezanso jini yolamulira kuchindikala kwa chigoba, yotchedwa SHELL, kotero kachidutswa ka tsamba kakhoza kuulula ngati mbande ndi dura, tenera kapena pisifera. Kuyezaku sikusintha mtengo m'pang'ono pomwe, ndipo musakusokoneze ndi nkhani ya mbewu za GMO. Ndi kuwerenga chabe zimene zilimo kale.

Pali nkhani ina imene iyenera kutichenjeza. Kuyambira zaka za m'ma 1970, makampani anayesa kuchulukitsa mitengo yobereka kwambiri m'labotale, kuchokera ku timinofu ta mtengo umodzi, osadzera m'njere. M'zaka za m'ma 1980 ina mwa mitengoyi itayamba kubereka, inatulutsa zipatso zopunduka, zambiri zopanda njere ndiponso za mafuta ochepa. Kwa zaka pafupifupi 30 palibe ankadziwa chifukwa chake, popeza kalata ya DNA inkaoneka yofanana ndi ya mtengo wa kholo. Mu 2015, gulu la Meilina Ong-Abdullah linapeza kuti wolakwa ndi chimodzi mwa zidutswa zobwerezabwereza zija, chotchedwa Karma, chimene chili m'kati mwa jini yoyang'anira kapangidwe ka duwa. Mumtengo wabwino chidutswachi chimakhala chomangidwa pakamwa ndi tizizindikiro ta methyl. M'labotale chomangiracho chimatha kumasuka, Karma n'kusokoneza malangizo, duwa n'kupunduka. Tsopano zimenezi zikhoza kuyezedwa mbande ikadali yaing'ono. Choncho mawu akuti "yachokera ku labotale" asakutsekeni pakamwa. Funsani ngati inayezedwa.

Tisanamizane, kuyeza DNA sikubweretsa mvula. Kanjedza wa mafuta amafuna mvula ya mamilimita pafupifupi 2,000 pachaka, yogwa mwakathithi popanda chilimwe chachitali, ndipo madera ambiri a Malawi sali otero. Aliyense wokuuzani kuti mbande yake ndi yoyezedwa choncho idzabereka paliponse akukupusitsani. Komanso mlimi wa mitengo 40 sangatumize yekha masamba ku labotale. Si udindo wake. Mtengo wa kuyeza uyenera kugwera amene akuitanitsa njere kunja, mwini nazale, kapena kampani imene ikupereka mbande pa ngongole. Iwowa amayeza pang'ono pa gulu lonse la mbande, ndipo ndalama yake ikagawidwa pa mitengo masauzande imachepa poyerekeza ndi munda wa zaka 25.

Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo latsopano la mbewu mu 2022. Komabe nkhani za mbewu zachinyengo timazikamba kwambiri pa chimanga, soya ndi mtedza, pamene mbande za mitengo zimayenda pa njinga ndi pa malole popanda wofunsa. Tikupempha Unduna wa Zamalimidwe ndi akuluakulu oona za mbewu ku Chitedze kuti mbande ya kanjedza wa mafuta isagawidwe kwa alimi popanda chikalata chonena kumene njere zinachokera ndi makolo ake. Tikufunanso kuti m'mgwirizano uliwonse wa ulimi wa kontilakiti mulembedwe momveka kuti mitengo ikadzapezeka kuti si tenera, wopereka mbande ndiye adzalipire, kuphatikizapo zaka zimene mlimi wataya.

Mbali inayo ya nkhaniyi ikukhudza mitengo yakale ya makolo. Kanjedza wa mafuta kwawo ndi kuno ku Africa, kumadzulo ndi pakati. Mtundu wa Deli dura, umene ndi mayi wa minda yambiri ya ku Indonesia ndi Malaysia, unachokera ku mitengo 4 yokha imene inadzalidwa ku Bogor mu 1848. Chifukwa cha chibale chapafupi chotere, akatswiri a ku Asia akhala akubwera ku maiko a mu Africa kudzatola njere za mitengo ya m'midzi, ndipo zizindikiro zobwerezabwereza zomwezi ndi zimene zimawauza mitengo yosiyana ndi imene ali nayo kale. Mtengo wa dura umene wapirira chilimwe cha ku Karonga kwa zaka makumimakumi ungakhale wochepa mafuta, koma si wachabe, ndipo tisathamangire kuudula wonse chifukwa chakuti tenera wafika. Pangano la maiko la mu 2001 lokhudza chuma cha mbewu, m'ndime yake ya 9, limavomereza ufulu wa alimi wopindula nawo pa mbewu zimene asunga. Wobwera kudzadula masamba m'minda ya mamembala ayambe wafika ku komiti ya kalabu, alembe chimene akufuna, ndipo zotsatira zake adzazibweretse m'chilankhulo chimene eni mitengo akumva.

Makalabu amene ali ndi mitengo yobereka kale angayambe sabata ino popanda labotale. Tengani zipatso zitatu pa mtengo uliwonse, muzidule pakati ndi chikwanje, muone chigoba ndi mzere wakuda uja. Lembani m'kope nambala ya mtengo, mtundu wake, chaka chodzala ndi kumene mbande inachokera. Kopelo libwere ku msonkhano wa chigawo, chifukwa ndilo tidzanyamule popita kukakumana ndi ogawa mbande.