Kamera ya pa Chisoti ndi Mboni Chabe

Aliyense amene wayendapo pa msewu wa M5, kuchokera ku Salima kudzera pa Benga, pa Chia, pa boma la Nkhotakota mpaka ku Dwangwa, akudziwa kuti njinga yamoto yasanduka miyendo ya anthu a m'mbali mwa nyanja. Imanyamula mayi wopita kuchipatala, dengu la usipa, thumba la mpunga, ngakhalenso mphunzitsi wothamangira belu. Ambiri mwa oyendetsa ndi anyamata amene atsiriza sukulu posachedwa, ntchito ndi kuwasowa. Mmodzi wa iwo anandifunsa tsiku lina kuti, "Aphunzitsi, ndigule kamera yotani yomangirira pa chisoti?" Yankho limene ndinampatsa ndilo ndifuna kukupatsirani inu awerengi.

Choyamba tifunse ntchito yake. Nick Woodman atayambitsa kampani ya GoPro ku California m'chaka cha 2002, cholinga chake chinali kujambula anthu osewera pa mafunde a m'nyanja. Awo anali masewera. Kwa mnyamata wa kabaza nkhani ndi ina. Galimoto ikamgunda pa mlatho wopapatiza, woyendetsa amanena zake, iye zakenso, ndipo kawirikawiri woyamba kukayikiridwa ndi wa njinga. Apo kamera imakhala mboni imene siiwala ndiponso siopa munthu. Motero tiisankhe monga momwe tisankhira mboni: yoona bwino, yosatopa msanga, yosunga mawu.

Koma ndisanafike pa kamerayo, ndinene mosabisa kuti wogula kamera alibe chisoti cholimba wayambira kumchira. Bungwe la WHO likuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa kuvulala kwa ubongo ndi magawo ofika 74 pa 100. Kamera sichepetsa ngakhale bala limodzi. Ndiponso musaboole chisoti kuti mulowetse nati, pakuti bowo limafooketsa chikamba chimene chiyenera kulandira nkhonya ya phula. Gwiritsani ntchito chomatira chake, ndipo kamera ikhale yopepuka. Malo abwino ndi pachibwano, chifukwa ya pamwamba pa mutu imakola mphepo ya mwera ndi nthambi, khosi nkumawawa pofika madzulo.

Chachiwiri ndi maso ake. Mboni yosatha kuwerenga nambala ya galimoto ilibe phindu. Kamera yojambula pa 1080p ndi yokwanira. Musatengeke ndi zotsika mtengo zolembedwa 4K pa katoni, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musanapereke ndalama, jambulani galimoto yodutsa, kenaka muone ngati nambala ikuwerengeka. Ngati nkotheka, yesaninso chisisira chitagwa, nthawi imene maso a anthu amanamizika. Funsaninso ngati ili ndi njira yoletsa chithunzi kunjenjemera, popeza misewu yathu yolowera kumidzi ndi kumadoko ndi ya mabampu.

Chachitatu ndi kupirira. Kuno kunyanja kuli fumbi la mwezi wa October, mvula ya January, ndiponso nkhungu zija zotuluka m'madzi ngati utsi, zimene zimamata galasi pa kamphindi. Yang'anani chizindikiro cha IP67: nambala 6 itanthauza kuti fumbi sililowa, ndipo 7 itanthauza kuti kamera ikhoza kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Kansalu kopukutira galasi kasasowe m'thumba.

Chachinayi ndi batire. Makamera ambiri a mtunduwu amatha moto pakapita ola limodzi kapena awiri, pamene wa kabaza amagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Tsoka silinunkha, ndipo silidikira kuti batire lidzaze. Sankhani kamera imene imajambula uku ikulandira moto pa waya wa USB. Ikhalenso yofufuta yokha zakale khadi likadzaza, kuti isaime pakati pa ulendo. Khadi la 64GB limasunga maola angapo. Tsiku ndi nthawi zikhale zotchera bwino, chifukwa chithunzi chonena tsiku lolakwika chimapatsa wotsutsa pothawira. Ngozi ikachitika, tulutsani khadilo nthawi yomweyo, mukopere apolisi, lenilenilo musunge. Mlandu suola.

Tsono pali mfundo imene ogulitsa sadzakuuzani. Mboni yoona sikondera mwini wake. Ngati mwakweza anthu atatu, ngati mwapitirira lole ya nzimbe pa khona, ngati mwalawa kachasu, kamera idzanena zonsezo poyera. Ine ndiona kuti apa ndipo pali ubwino wake waukulu: munthu wodziwa kuti akuonedwa amachepetsa liwiro.

Potsiriza, ulemu. Muuzeni wokwera kuti mukujambula. Musaloze kamera kwa amayi amene akusamba padoko. Ndipo ndi chinthu chochititsa manyazi kutumiza zithunzi za ovulala pa WhatsApp kapena pa Facebook abale awo asanamve. Kuyambira m'chaka cha 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act. Koma mwambo wathu unaletsa kale khalidwe lotere lamulolo lisanalembedwe.

Inu aphunzitsi anzanga, anyamatawa amabwerabe kudzafunsa nzeru kwa ife ngakhale anachoka m'kalasi. Tiwauze ndondomeko yake mosapsatira: chiphaso choyendetsera, inshuwalansi, zisoti ziwiri, china cha wokwera, ndipo pambuyo pake kamera. Mnyamata uja anamva mawu anga, nayamba wagula chisoti chachiwiri. Za kamera akuti adzaona akakolola mpunga.