Mandevu, siyani kuwerengera Feira ndalama

Nkhani ya CDF ikabuka m'minibasi za ku Mandevu, mawu ake amakhala amodzimodzi: bwanji Feira, yomwe anthu ake safika 40,000, imalandira ndalama zofanana ndi ife oposa 400,000? Masamuwo ndi oona. Mu 2022 boma linakweza thumbali kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo dera la phungu lililonse mwa 156 linapatsidwa zofanana. Amene anaona odwala kolera atagonekedwa mu Heroes Stadium mu January 2024, pakhomo pathu penipeni, sangaletsedwe kukwiya.

Koma mkwiyowu tauponya kolakwika. Amene adzaza Chaisa, Garden ndi Chipata Compound anagwa kumwamba? Ambiri ndife ana a ku Chadiza, Vubwi, Lundazi ndi Luangwa komweko. Makolo athu anasiya minda cifukwa cimanga cinalibe msewu, ndipo mayi wodwala analibe cipatala capafupi. Link Zambia 8000 ya 2012 inalonjeza tara ku Vubwi, koma zaka khumi zinatha nchito isanathe. Mnyamata wotopa ndi fumbi limenelo ndiye akucita lendi kacipinda ku Marapodi, pa cimbudzi cimodzi ca mabanja angapo.

Coseketsa n'cakuti kumalire ndiye khomo la ndalama. Mathiraki amafola usana ndi usiku pa Chirundu, pa Nakonde ndi pa Mwami, pamene a Hichilema ndi a Chakwera anatsegula ofesi imodzi ya maiko awiri mu December 2022. Msonkho wa kasitomu umene ZRA imatolera pamenepo umalowa m'thumba la boma kuno ku Lusaka. Khonsolo ya pamalire imatsala ndi zinyalala, misewu yokumbika ndi khamu lofuna madzi. Ndiye ife tizisirira kambale kawo ka CDF?

Kugawa mofanana ndi ulesi cabe, ndipo kumabera onse awiri. Mandevu amaberedwa pa kuculuka kwa anthu, Vubwi pa kutalika kwa njira, poti simenti ikafika kumeneko mtengo umakhala utakwera kale. Aphungu a mu Lusaka ndi a kumalire akhale pamodzi, akakamize Unduna wa Zacuma kuika poyera kagawidwe kowerenga anthu, umphawi ndi mtunda. Komanso gawo lodziwika la msonkho wa pamalire lizitsala m'boma limene mathirakiwo amagona.